Wotsala Kumtunda Sachoka

Khalani pansi, ana inu. Iwe Chisomo, kampando ako ndimaikapo phazi, tenga kenako. Tamanda, usaime pakhomo ngati wabwera kudzapempha moto. Ndikudziwa chimene chakutsitsirani kubesimenti kuno, kuchipinda changa cha pansi pa nyumba, Loweruka masana, inu amene mumandikumbukira pokhapokha chaja ya foni ikasowa. Amayi anu pochoka kupita kushifiti akuuzani kuti, "Muwayang'anire agogo anu, asatuluke." Ndawamva bwinobwino. Pansi pa nyumba ino ndi pamatabwa, ndipo chimene ndinathyoka ine ndi dzanja, makutu ali bwino.

Ndiye lero ndili ndi alonda awiri. Majombo anga abisidwa. Khadi la basi lasowa m'thumba la jekete. Lachitatu likubwerali akuti andiperekeza kwa dokotala woyeza mitu ya okalamba, uja amakufunsa kuti lero ndi lachingati. Akandiyeza, akuti andipezera malo kumene nkhalamba zimaswera tsiku zikuomba m'manja ndi kumwa supu, kuti ndiiwale zopita kunyanja m'mawa. Ine ndikukuuzani pano, maso ndi maso, kuti kunyanja ndipita. Mukakana ndi majombo ndipita ndi silipasi izi. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo poti mwakhala kale pansi, mumva chimene ndikukandira.

Inu mumaganiza kuti ndimakatani kumeneko? Mumati agogo amakadyetsa mbalame? Mvetserani. Ndikadzuka, ndisanamwe tiyi, ndimakwera masitepe mpaka pawindo la m'chipinda chosambira, n'kuyang'ana utsi wa mafakitale a zitsulo aja. Anthu a mu Hamilton muno amautukwana utsi umenewo, koma ine ndi mnzanga. Ukaima chilili, nyanja yagona. Ukaweramira kuno kuphiri, ndiye kuti mphepo ya kum'mawa yadzuka, yayenda pamwamba pa madzi kuchokera kutsidya lakutali, ndipo mafunde ali m'njira. Ukaweramira kunyanja, mphepo ikuchokera kumtunda. Tsiku limenelo madzi amasalala, amaoneka ofatsa, koma amakokera munthu pakati. Ndikaona zimenezo ndimavala, n'kukwera mabasi anga awiri, kukaona ngati utsi wanena zoona.

Iwe Chisomo unandiseka tsiku lija. Unati, "Agogo, there's an app for that," n'kundionetsa timivi tabuluu pafoni. Sindikukana, kafoni kako kamalasa nthawi zambiri. Ndinakayesa sabata yathunthu, kanaphonya kawiri kokha. Koma kafoniko kamakhala m'thumba la buluku limene munthu walisiya m'galimoto. Sikaima pamchenga, ndipo mphepo ikatembenuka sikakuwa.

Kwathu ku Nkhotakota mphepo zinali ndi mayina ngati anthu. Kunali mwera, wa miyezi yozizira, amene amatha kuwomba masiku atatu osapuma mpaka ana kuiwala kukoma kwa nsomba yaiwisi. Kunali mpoto wobwera ndi mvula, vuma wa kum'mawa, ndi zambwe wochokera kumtunda. Kuno mumangoti kukuwomba mphepo, ngati yonse ndi imodzi. Bambo anga ankadzuka m'mawa, kunyowetsa chala ndi malovu, kuchikweza m'mwamba, n'kunena kuti, "Lero ndi la khasu," kapena, "Lero ndi la nkhafi." Nkhafi, ana inu, ndi chopalasira bwato. Musandiyang'ane ngati ndalankhula Chigiriki. Bwato lake linali la mtengo umodzi wosema, lolemera, lopapatiza, moti miyendo unkaika ina kutsogolo ina kumbuyo. Tinkanyamula chikho chokapira madzi ndi chinangwa chootcha chokulunga m'tsamba. Chinangwa chimenecho chinkagwira m'mimba mpaka dzuwa pamutu, osati zokhukhuluza za m'bokosi zimene mumathira mkaka inu, zimene teni koloko isanakwane mwayamba kale kutsegula firiji.

Padoko lathu, pamene tinkakocheza mabwato, panali chulu chachikulu, ndipo pamwamba pake panazikidwa nsungwi yaitali. Mabwato akamapita m'mawa kukaonjola matchera, maukonde otchera usiku aja, munthu mmodzi ankatsala. Sankatsala mwana kapena wodwala, ayi. Ankatsala mwamuna wamphumphu, mosinthanasinthana, ndipo pogawa nsomba ankalandira mofanana ndi amene apalasa. Tinkamutcha wotsala kumtunda. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene ali m'bwato ali pansi, maso ake ali pa ukonde, saona patali. Wa pachulu amaona mzere wakuda pamadzi kumwera uko, mwera usanafike. Akauona, amamanga nsalu pansungwi n'kuikweza. Malamulo anali awiri okha. Nsalu ikakwera, siya ukonde, ngakhale wakola kampango wamkulu ngati mwana wa chaka. Ndipo wotsala sachoka pachulu mpaka bwato lomaliza litakhudza mchenga, kaya m'mimba mwamupotokola, kaya nyumba yake ikupsa.

Ndinali ndi achimwene anga, a Yohane. Akanakhala agogo anu ena. Anali aatali kuposa ine, oseka ndi mano onse, opalasa moti bwato linkachita kulira. Ndiwo anandiphunzitsa kusambira, pondiponya m'madzi n'kumandiseka. Amayi anu amadziwa kuti a Yohane anamira. Za chulu sadziwa. Inu ndinu oyamba kumva, ndiye iwe Chisomo, tembenuza foniyo iyang'ane pansi.

Linali tsiku langa lotsala. Ndinali mnyamata wa ndevu kale, wodzimva. Kumwamba kunali mbee, madzi ali zii. Mabwato asanu anapita, anayi anatsala chapafupi, la achimwene ndi mnzawo wina linapitirira kutali kumene anatchera dzulo lake. Ndili pachulu pomwepo, panabwera mtsikana wa m'mudzi wa kumtunda kudzagula usipa wouma pathandala. Anavala chitenje chofiira. Dzina lake Nabanda. Eya, agogo anu aakazi, aja ali pachithunzi icho. Ndinali nditawazungulira miyezi itatu osapeza polankhulira. Nditaona kuti dengu lawalemera, ndinatsika.

Iwo anandifunsa, ndipo mawu awo ndimawamvabe. Anati, "Kodi inu si ndinu wotsala lero?"

Ine ndinati, "Nyanja yagona ngati mwana wokhuta. Tiyeni ndikufikitseni pamsewu, ndibwerera pompano."

Pamsewu sipanali patali. Koma panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake panali mthunzi, ndipo nkhani zinakoma. Chimene chinandidzutsa ndi masamba a mango aja. Anayamba kuchita phokoso onse nthawi imodzi. Ndinathamanga, ana inu, sindinathamangepo chotero m'moyo wanga. Pofika padoko nyanja yonse inali itayera ndi thovu. Mabwato anayi aja anadzipulumukira okha poti anali pafupi. Ndinakwera pachulu, n'kukweza nsalu, koma ndinkaikwezera ndani?

Mnzawo wa achimwene uja anapulumuka. Anakakamira bwato litagadabuka mpaka mafunde anakamutaya m'mabango kutali ndi kwathu. Atabwera naye, anthu onse ali pomwepo, ananena zimene zinachitika. Sananene mwaukali, anangofotokoza. Anati, "Tinamva mphepo yasintha. Yohane anatembenuka katatu kuyang'ana kuchulu. Anati, 'Nsalu sinakwere. Lameki ali pamwamba, akuona bwino kuposa ife. Tiyeni timalize.'"

Mwamva? Sanamire chifukwa chosadziwa nyanja. Anamira chifukwa anandikhulupirira ine. Tinawapeza tsiku lachitatu. Bambo sanandimenye, sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya. Maliro atatha anakwera okha pachulu, ndipo kuyambira pamenepo tsiku langa likafika, ankatsala ndiwo. Palibe amene anandiuzapo kuti ndichoke pamudzi. Ndinachoka ndekha, chifukwa mayi anga ankati akandipatsa chakudya amayang'ana kumbali.

Agogo anu aakazi ananditsatira. Anthu analankhula, monga mwa anthu. Koma mayi ameneyo anali ndi msana. Anati, "Pachulu tinachokapo awiri, tisenza awiri." Chitenje chofiira chija sanachivalenso. Anachipinda n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo chinayenda nafe kulikonse.

Tinapita ku Joni, pa malole ndi pa sitima, masiku ambiri, tikudya mabanzi ouma ndi madzi a pampopi wa pasiteshoni. Inu mukakwera sitima yopita ku Toronto ola limodzi mumafika mutatopa. Anzanga ankapita kumigodi, ine mwayi unandigwetsera kugombe la nyanja ya mchere, kufupi ndi Durban, pa nyumba ina yogona alendo. Mwini wake anali mayi wachizungu wosuta fodya ngati njanji. Ndinalumbira kuti madzi sindidzawayandikiranso, koma onani kumene Mulungu anakandiika.

Sabata yoyamba anandituma kukayala mipando ya alendo pamchenga. Ine, mwana wa msodzi, ndinayang'ana kumwamba, mphepo palibe. Ndinayala mipando isanu ndi umodzi pafupi ndi madzi, mwaluso, ndi matawulo ake, n'kuvula nsapato zanga zatsopano kuziika pambali, n'kupita kukasesa kuseri. Pobwerako, mipando ikuyandama, nsapato imodzi ikupita ku India. Ndinathamangira kwa mayi uja, ndinati, "Madamu, nyanja yasefukira!" Anaseka mpaka kutsokomola. Nyanja ya kwathu imakhala pamene waisiya. Ya mchere imabwera kawiri pa tsiku n'kubwereranso kawiri, ndipo umaikoka ndi mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, madzi amakwera kwambiri n'kuphweranso kwambiri. Palibe anandiuza, chifukwa kumeneko ngakhale galu amadziwa.

China chinandizunguza mutu. Tsiku lopanda mphepo ndi pang'ono pomwe, mafunde aatali kuposa denga ili ankafika ali pamzere, limodzi pambuyo pa linzake. Ndinati uwu ndi ufiti. Kenako ndinamvetsa kuti ndi mafunde a namondwe amene anawomba kutali masiku apitawo, angofika mochedwa. Ndinayamba kuzika kamtengo pamchenga kuti ndione pamene madzi alekezera, ndi kuwerenga mpweya wanga pakati pa funde ndi funde. Akatalikirana, ndi amphamvu. Akathithikana, ndi a mphepo ya pompano. Panyumba paja pankabwera anyamata okwera mafunde pa matabwa, tsitsi lofiira ndi mchere. Mayi uja ataona kuti akumandifunsa ine asanalowe m'madzi, anandigulira bolodi ndi choko. M'mawa uliwonse ndinkalemba: mphepo yachokera uku, mafunde afika m'chiuno kapena m'chifuwa kapena apitirira mutu, madzi adzaza nthawi yakuti, aphwa nthawi yakuti.

Ndipo mudziwe kuti masiku amenewo pagombe paja panali chikwangwani choletsa munthu wakuda kusamba. Ndinkawauza za madzi amene ine sindinkaloledwa kuviikamo phazi. Zinkandiwawa, ndisaname. Koma ndinkati ndikamaliza kulemba, ndimakwera pa mulu wa mchenga ndi tsache langa, n'kumasesa pamalo amodzimodzi mpaka womaliza atatuluka. Mayi uja ankati, "Lameki, pamenepo pakhala dzenje." Ine ndinkangoti, "Yes, Madam," osasuntha.

Amayi anu anabadwira kumeneko. Sitinawalole kuyandikira madzi, ndipo pamenepo ndimavomereza kuti mantha tinawathira ndife. Anakula akudziwa kuti madzi anatenga bambo awo aakulu, basi. N'chifukwa chake inu simunapite ngakhale kukaphunzira kusambira ndi anzanu kusukulu. Musawade. Ndi namwino, amaona anthu tsiku lawo loipitsitsa lokhalokha, ndiye akaona chinthu amayamba ndi kuona pamene chingathyokere munthu.

Tinabwerera ku Malawi titakalamba. Agogo anu aakazi anatisiya, ndipo Esinati, amayi anuwo, anati sindingakhale ndekha, nanditumizira tikiti. Inu munali pabwalo la ndege ndi chikwangwani cholakwika sipelo. Patatha sabata ziwiri ndinamva kuti kuli nyanja pafupi, ndinapita. Nditaona kukula kwake, tsidya losaoneka, sitima zazikulu zikudutsa, ndinati eya, iyi ndi ya mchere, ulendo uno sindipusanso. Ndinathyola kamtengo, n'kukazika pamchenga, n'kukhala patali ndi fulasiki yanga ya tiyi kudikira kuti madzi abwere. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka masana. Madzi ali pomwepo. Mayi wina woyenda ndi galu anadutsa kawiri, kachitatu anandifunsa ngati ndataya njira. Pamapeto pake ndinatapa madzi ndi dzanja n'kulawa. Opanda mchere! Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ku Joni ndinapusa poyesa nyanja ya mchere ngati ya kwathu, kuno ndinapusa poyesa nyanja ya kwathu ngati ya mchere. Ontario ameneyu ndi m'bale wake wa nyanja yathu, angosiyana kuzizira. Mwezi sumukoka. Mafunde ake ndi a mphepo basi, amadzuka msanga, amafa msanga, ndipo mphepo ikatembenuka sakupatsa nthawi yoganiza.

Masamba atayoyoka, kuzizira kutayamba, tsiku lina utsi unaweramira kuphiri. Nditafika kugombe ndinaona timitu takuda tikuyandama m'mafunde. Ndinati kapena ndi akatumbu. Kuyandikira, anthu! Avala zovala za labala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yokha panja, ena ayezi akulendewera kundevu. Akukwera mafunde pa matabwa, m'madzi oti ukaviika chala chimafa. Sindinadabwe kwambiri ndi zimenezo, misala ya okwera mafunde ndinaizolowera. Chimene chinandiimitsa mtima n'chakuti nditayang'ana kumtunda, kunalibe munthu. Magalimoto okiya ali pamzere, mchenga uli mbee. Onse alowa, palibe watsala.

Tsiku limenelo ndinaima mpaka womaliza anatuluka. Mawa lake ndinabwera ndi chitenje chofiira cha agogo anu m'thumba la jekete. Ndinawafotokozera ndi Chingerezi changa cha ku Joni kuti akaona nsalu iyi pamwamba pa ndodo, atuluke. Anaseka mwaulemu, monga amasekera anthu a kuno. Koma tsiku lina ndinawauza kuti pofika teni mafunde afa ndipo mphepo ichokera kumtunda, mafoni awo akuti masana, ndipo zinachitika pa teni. Kuyambira pamenepo akatsika m'galimoto amayamba ndi kundiyang'ana ine. Ndimangoloza bondo, chiuno kapena chifuwa, iwo n'kumvetsa. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.

Tamanda, bwanji ukuyang'ana pansi? Pakapeti palibe chimene chalembedwa. Ndafika pa mbali yako.

Chaka chatha, masamba atayamba kufiira, pakati pa anthu a labala aja ndinaona mmodzi wonyamula thabwa lachikasu lobwereka, akuyenda mapazi atayang'ana kunja. Mayendedwe amenewo ndi a agogo anu aakazi, ndinawatsatirapo kuchokera padoko mpaka pamtengo wa mango, sindingawasokoneze. Iwe Chisomo, tseka pakamwa. Eya, mchemwali wakoyu. Masiku amene amati akupita kulaibulale ya kuyunivesite m'mamawa, laibulale yake ndi imeneyo. Kusambira anaphunzira mobisa chaka chake choyamba kuyunivesiteko. Atandiona anauma ngati chitsa. Anati, "Agogo, please, musawauze amami." Ine ndinati, "Ine si wayilesi."

Ndikuuze zoona lero, Tamanda mdzukulu wanga. Tsiku limenelo ndinafuna kukugwira dzanja n'kukukokera kubasi. Koma nditakuona ukugwa, kudzuka, kugwanso, kenako n'kuima pathabwa paja kamphindi, ukukuwa ndi mano onse panja, ndinaona achimwene. Ndinalira, ndipo ndinanamizira mphepo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine amene ndinaletsedwa kuviika phazi m'madzi amene ndinkawadziwa kuposa eni ake, ndiletse mdzukulu wanga? Ayi, zimenezo sindichita.

Tsopano tsiku limene ndinagwa. Chisomo, iwe unangomva kuti agogo apezeka pamiyala akukupiza nsalu, asokonezeka. Imva mmene zinalili. Mphepo ya kum'mawa inawomba usiku wonse, mafunde anali a m'chifuwa. Chapakati pa m'mawa ndinamva kuzizira kwasamukira kukhosi, kumbuyo. Nditatembenuka, utsi wa mafakitale wayamba kuweramira kunyanja. Pamadzi panayamba kuthamanga timizere takuda tolowera pakati. Ena aja anali pafupi, anatuluka okha. Mmodzi yekha anali kutali kuposa onse, wakhala pathabwa lachikasu, nkhope yayang'ana pakati pa nyanja, akudikira funde lomaliza. Okwera mafunde onse ndi otero, amafulatira kumtunda. Ndinakuwa, mphepo inanditengera mawu. Pamchenga pamene ndinaima panali potsika, mafunde ankandibisa. Panalibe chulu. Panali mulu wa miyala uja wotchinga madzi, wokutidwa ndi ayezi ngati galasi.

Ndinakwera ndi manja ndi mawondo. Ndinamanga chitenje kundodo yanga n'kuchikweza. Ndipo iwe Tamanda unatembenuka. Sunadikire funde lako, unagona pathabwa n'kuyamba kupalasa, mphepo ikukukankhira m'mbuyo. Zinakutengera nthawi yaitali, ndinkaona manja ako akulemera. Sindinatsitse nsalu ndipo sindinasunthe phazi mpaka unaponda mchenga. Kenako ndinayamba kutsika, n'kuterereka. Ndinagwa potsika, osati pokwera. Dokotala wa Lachitatuyo akafuna kulemba kanthu, alembe zimenezo.

Unandipeza ndili chagada, dzanja litapindika, ukulira, mano akugundana. Ndinakuuza kuti ukavale upite kukalasi, ndipo unakana, ndipo ndinakukalipira mpaka unapita. Mnyamata wina wa ndevu za ayezi anandinyamula pagalimoto yake. Tsoka lake, chipatala chapafupi ndi chomwe amagwira amayi anu. Anabwera akuthamanga ndi yunifolomu, n'kupeza bambo awo anyowa, dzanja lathyoka, atafumbata chitenje cha malemu mayi awo. Anati, "Adadi, mumatani pamwamba pa miyala ndi nsalu ya amama?" Ine ndinati, "Ndimaona nyanja." Anatuluka panja kukalira. Ndikanakhala ine ndikanaganizanso chimodzimodzi, kuti mdala uyu mutu wayamba kuchoka, akuitana mkazi wake wakufa pamadzi.

Sabata zisanu ndi imodzi ndasenza dzina la wosokonezeka m'nyumba muno. Amandilankhula mokweza ndi pang'onopang'ono. Amandilembera mayina a masiku pafiriji. Bambo anu anachotsa mpeni wanga wosendera malalanje. Azimayi a kutchalitchi anabwera kudzandipempherera, wina mpaka kundifunsa ngati ndikumudziwa, munthu woti ndinamudyera nkhuku pa ukwati wa mwana wake. Ndapirira zonsezo ndi chikhakha ichi padzanja, ndipo sindinatsegule pakamwa, chifukwa ndinalonjeza. Sindikudandaula, ndipo usandipepese, Tamanda, pukuta maso. Dzina angandichotsere, ndakalamba, silindigulira kanthu. Koma pamchenga paja asandichotse.

Chifukwa utsi waweramira kuphiri kuyambira m'mawa. Ndauona. Chisomo, tsegula kafoni kako, uone ngati ndikunama. Chikuti chiyani? Kum'mawa, usiku wonse, kutembenuka mawa chakumasana? Ine ndikuti chakuma leveni, koma tisakangane. Mawa kuli mafunde. Ndipo chovala cha labala chija chayanikidwa kuseri kwa makina otenthetsa nyumba kuyambira Lachinayi. Tamanda, unaiwala kuti besimenti ino ndimagonamo ine? Sabata zonsezi sunalowe m'madzi, ndikudziwa, unali ndi manyazi ndi dzanja langa. Koma mawa ulowa. Ndakuona mmene wakhala ukuyang'anira pawindo.

Sindikukuletsa. Zouza amayi ako ndi zako, sindikulanda, ngakhale uyenera kudziwa kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine changa ndi chimodzi. Munthu wa magazi anga salowanso m'madzi kumtunda kulibe munthu. Zinachitika kamodzi, ine ndili pansi pa mango, ndipo zakwana. Kaya andiyeze mutu, kaya andilembetse kwa omwa supu, kaya akhome chitseko. Ndidzatulukira pawindo ilo, ndi silipasi, ndi dzanja limodzi.

Ukupita kuti? Ndikulankhula, iwe. Chisomo, mchemwali wako akupita kuti?

Aa. Majombo anga! Anali m'galaja, m'bokosi la zokongoletsera Khirisimasi? Ndinafufuza paliponse, m'menemo mokha sindinaganizemo. Amayi anu ndi mwana wanga ndithu. Bwera nawo kuno. Ndi khadi lomwe? Ika patebulopo.

Wati chiyani, Tamanda? Lankhula Chichewa chako chothyokacho, ndimva. Uwauza amayi ako akabwera kuchokera kushifiti? Lero lomwe? Chabwino. Ukalipiridwa, ndipo ulira, ndipo nyumba ino itentha popanda makina. Koma sukhala wekha. Iwe ukanena za thabwa lachikasu, ine ndinena za chulu. Zaka zonsezi mwana wanga wakhala akuopa madzi, osadziwa kuti amene analakwa si madzi. Akafuna, mawa abwere adzaime nane, pamchenga malo alipo. Tchalitchi tipita ya madzulo.

Chisomo, gwada apa undiyese majombowa, undimangire zingwe, dzanja ili silinayambe kumvera. Mangitsa. Mawa upita nawo, undigwire pokwera, ndipo uyambe kuphunzira kuyang'ana utsi. Tamanda, tsegula sutikesi iyo, pansi penipeni, unditengere chitenje cha agogo ako.

Achimwene anatembenuka katatu, anapeza nsungwi yokha. Iwe mawa ukatembenuka, udzandipeza.